Tsiku Limene Afrakoma Anandilankhulira

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikudyera pakamwa panga. Anzanga amalima koko, ena amayendetsa magalimoto a ku Kumasi, koma ine Kwarteng ntchito yanga ndi kuimirira pambali pa Nana, mfumu yathu ya ku Bepoano, ndodo yokutidwa ndi golide ili m'manja, n'kumanena mokweza zimene iwo andinong'oneza. Ndine okyeame wamkulu, mneneri wa mfumu. Aneneri tilipo anayi kunyumba yachifumu, koma atatu enawo sakhala pansi ine ndisanakhale.

Mawu a mfumu amatuluka m'kamwa ali ngati chinangwa chongokumba kumene, dothi lili mbuu. Ine ndimasenda, kutsuka, kuwiritsa, kusinja, anthu n'kumeza osatsamwa. Nana akati, "Muuze wakubayu abweze munda wa mkazi wamasiye," ine ndimati, "Nana akuti malire a munda amayenda okha nthawi ya mvula, ndiye mwana wawo wokondedwa awathandize kubwerera pamalo pake." Munda umabwezedwa, wakuba amapita kwawo akumwetulira. Ndikamaliza choncho Nana amatsokomola pang'ono, kakutsokomola kouma, kamodzi kokha. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti kameneko n'kondiyamikira, ndipo ndikakamva chifuwa chinkatukumuka.

Amene anandiwonongera mbiri ndi Bediako. Ameneyu ndi mnyamata wa zimkuzamawu, mwini wa mtengo wautali uli pafupi ndi msika, umene uli ndi malipenga anayi olengeza maliro, mbuzi zosowa ndi mankhwala a msana. Chaka cha dzana, pa chikondwerero cha zilazi zatsopano, akuluakulu anamulemba ganyu kuti anthu akumbuyo azimva. Ine ndinakana. Ndinati mawu anga amafika kutsidya kwa mtsinje popanda waya, koma ndani amamvera nkhalamba masiku ano? Mnyamatayo anaimika maikolofoni imodzi patsogolo panga, ina n'kuisiya pansi, pafupi ndi mpando wa Nana, yosazimitsa.

Tsikulo kunabwera bwana wina wa ku boma, wamimba yake, amene anatilonjeza msewu zaka zitatu m'mbuyomo. Atamaliza kulankhula, ndinawerama, Nana n'kundinong'oneza: "Muuze nyani uyu kuti msewu wake wadya zilazi zatsopano katatu. Akadzabweranso ndi mano okhaokha, ndidzamukhazika padzuwa."

Mawu amenewo anatulukira m'malipenga onse anayi. Ndinawamva ndithu akubwerera kuchokera kuphiri, koma pakamwa panga panali patayamba kale ntchito, ndipo pakamwa pa okyeame pakayamba sipadikira mutu. Ndinakweza ndodo, n'kunena ndi mawu anga aulemu aja:

"Nana akuti nkhono imayenda pang'onopang'ono, koma kumene ikupita imafika. Akuthokoza boma chifukwa msewu wathu likuuganizira mofatsa."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Oimba ng'oma anataya timitengo, wogwira ambulera ya mfumu anatsala pang'ono kuigwetsera pamutu pa Nana. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Nkhono. Amayi ogulitsa nkhono mumsika akandiona amakweza dengu n'kukuwa, "Okyeame, abale anu awa! Afika pati tsopano?" Koma chimene chinandiwawa kwambiri si chimenecho. Mwezi usanathe, thalakitala inabwera kudzakonza msewu. Mawu osaphika a Nana anachita m'masabata anayi chimene uchi wanga unalephera m'zaka zitatu. Bediako anabwera kawiri kudzapepesa, kachiwiriko atanyamula tambala. Tambalayo ndinadya, koma mwiniwake sindinamukhululukire.

Mkazi wanga Tiwaa anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ana aamuna ali kutali, ndipo pakhomo ndinatsala ndi chitsirizira wanga, Gyamfua, amene amasoka zovala pakhonde. Madzulo ndikabwera kunyumba yachifumu ndimamufotokozera milandu yonse, ndikusinthasintha mawu, apa Nana, apa wodandaula, apa ine, iye akupalasa makina ake n'kumati, "Ndiye munati chiyani, ababa?" Funso limeneli anali kundifunsa ngakhale nkhaniyo ataimva kasanu.

Lachitatu lina masana, ndikudya fufu, nsima yathu ya chinangwa chosinja, ndi msuzi wa mtedza, anaimitsa makina n'kukhala pampando wa mayi ake.

"Ababa, Loweruka kubwera alendo. Akudzagogoda pakhomo."

"Kugogodera ndani?"

"Muli ndi ana aakazi angati pakhomo pano?"

Ndinameza. "Ndi a kwa yani?"

"A kwa Bediako."

"Bediako uti? A Bediako ndi ambiri m'dziko muno. Kuli wina wophunzitsa ku Mampong, munthu waulemu wake."

"Wa zimkuzamawu."

Ndinalankhula tsiku limenelo. Ndinanena za makolo, za ulemu wa banja lathu, za khwangwala amene amakuwa pamtengo zinthu zimene sanatumidwe. Msuzi unazizira. Iye anadikira, manja ali pamiyendo, mpaka mpweya unandithera.

"Mwatha, ababa? Ine sindikangana nanu, pakamwa panu sindingapathe. Koma mukabweza mabotolo awo a mowa wofunsira mbeta Loweruka, ine ndipita naye ku Techiman, ndipo pakhomo pano simudzandionanso. Sindikuopsezani. Ndikungokuuzani kuti mudziwiretu."

Ananena mofatsa, monga mayi ake ankanenera zinthu zimene ankazichitadi. Ndinachita mantha, ndisaname. Koma ndinadziuza kuti mwana amene amandifunsa madzulo aliwonse kuti "ndiye munati chiyani" sangapirire mwezi umodzi kutali ndi ine. Ndikawakana mwaluso alendowo, iye adzalira masiku awiri, kenako adzanyadira kuti bambo ake ndi munthu wodziwa kulankhula.

Masiku atatu ndinakhala ndikuzungulira m'munda wa koko wa mchimwene wanga, ndikukonza mawu. Ndinasankha miyambi khumi ndi umodzi, ndinaisanja kuti woyamba uwasisite, wachisanu uwayabwe, womaliza uwadzutse pampando okha popanda wowathamangitsa. Mitengo ya koko inamva zonse ndipo palibe umene unatsutsa.

Loweruka m'mawa ndinavala nsalu yanga ya kente, ija ya masiku akulu, ndi nsapato zachikopa. Ndikutuluka m'chipinda ndinapeza mlongo wanga wamng'ono, Afrakoma, atakhala kale pabwalo akulamula anthu moika mipando. Afrakoma ndi mneneri wa mfumukazi. Ntchitoyo ndinamuphunzitsa ndine, chinthu chimene ndimanong'oneza nacho bondo kawirikawiri. Pambali pake anatsamiritsa ndodo ya banja lathu.

"Ndodoyo ndi ya chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi yothyolera mango. Mukuganiza kuti ndi ya chiyani, achimwene? Ndabwera kudzakulankhulirani."

"Kundilankhulira ine? Iwe? Pakamwa panga patupa?"

"Ee, ukalamba! Mwaiwala mwambo umene mumadyera? Tate wa mwana salankhula ndi ogogoda. Amakhala pansi, amanong'oneza. Si inu amene munalipiritsa Opanin Sakyi nkhosa chifukwa choyankha yekha apongozi ake? Munati chiyani paja? 'Munthu wolemekezeka sagwira mphika wotentha ndi manja.' Lero wolemekezeka ndinu. Khalani apo."

Masiku atatu m'munda wa koko, mutu wanga sunandikumbutse ngakhale kamodzi. Pa maukwati a anthu ena onse ine ndinkakhala woimirira, ndiye ndinangozolowera kuti pamene pali mwambo, wolankhula ndine. Pa ukwati wa ana anga aamuna tinali kupita kukagogoda ndife, ndipo mkulu wa banja ndiye anakhala pansi, ine ndikuwala.

Kenako ndinayang'ana pamwamba pa ndodoyo. Banja lathu lili ndi ndodo ziwiri zimene amalume anasemetsa. Ina ili ndi amuna awiri patebulo, wina akudya, wina atagwira tsaya: chakudya n'cha mwini, si cha wanjala. Mlendo akangoiona imeneyo amadziwiratu kuti abwerera chimanjamanja. Afrakoma anabweretsa inayo, ya thadzi litaponda kamwanapiye. Phazi la nkhuku limaponda mwana koma silimupha.

"Bwanji sunatenge ya amuna awiri ija?"

"Chiswe chinadya wanjalayo. Watsala wakudya yekha, ndiye sikunenanso kanthu."

"Ukunama."

"Kaoneni. Koma alendo awo ali pa mpanda."

Ndinamugwira dzanja. "Tamvera, Afrakoma. Chimene ndikuuze, unene chomwecho. Usathire mchere."

"Inu munandiphunzitsa choncho?"

Analowa anthu asanu ndi awiri. Anatipatsa moni wa m'manja kuyambira kumanja, tinawapatsa madzi, Afrakoma n'kuwafunsa chimene adzera. Mneneri wawo anali mkulu wina wowonda, Opanin Darkwa, wa mano atatu ndi mawu onjenjemera. Bediako anakhala kumbuyo kwenikweni, atavala nsalu yobwereka imene inkangotsetsereka paphewa, maso ali pa zala za kumapazi. Darkwa anati mwana wawo podutsa anaona duwa lokongola pakhomo pano, ndiye abwera poyera masana, kulowera pakhomo osati pawindo, kudzapempha. Za duwa zimenezo ndazimva kambirimbiri, ndipo iye anazinena ngati akuwerenga chikwangwani. Ndikanakhala ine ndikanayambira kutali, mwina pa mtsinje. Anaika patebulo mabotolo awiri obiriwira a mowa waukali. Tikawalandira ndiye kuti tavomera.

Afrakoma anawerama, khutu lake n'kufika pakamwa panga. Khutu la munthu likakhala pafupi choncho ndi chinthu chonyansa ndithu. Sindinkadziwa kuti Nana akhala akuyang'ana chotere zaka makumi atatu.

Miyambi khumi ndi umodzi sinong'onezeka. Ndinayesa woyamba, iye anati, "Fupikitsani, msana ukuwawa." Ndiye ndinangoti: "Uwauze kuti duwalo lili ndi mwini, ndipo mwiniyo sapereka mwana kwa khwangwala wokuwa pamtengo. Atenge mabotolo awo azipita."

Anaweramuka, anagogoda ndodo pansi, anayang'ana alendo mmodzimmodzi osafulumira, monga ndinamuphunzitsira.

"Bambo amva. Akuti duwa limene mwaonalo silinamere lokha. Analithirira chilimwe ndi dzinja, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazi alithirira ndi dzanja limodzi. Ndiye musadabwe akamayang'anitsitsa manja amene abwera kudzathyola."

Alendo anavomereza ndi mitu. Amayi ena anati, "Ndi zoona." Ndipo ine, chitsiru cha munthu, mumtima ndinati: dzanja limodzi, wanena bwino mwanayu. Kenako ndinakumbukira kuti akundiba ndikuona. Ndinamukoka nsalu.

"Sindinatero!" ndinanong'oneza, mano ali gwa. "Uwauze kuti mnyamata ameneyu anandivula pagulu. Anandisandutsa nkhono. Uwauze kuti ndikadali moyo sadzalowa m'nyumba muno."

"Ndamva, achimwene."

Anagogodanso ndodo. "Bambo akuti mwana wanuyu si mlendo kwa iwo, amamudziwa bwino, ndipo palibe tsiku limene amadutsa mumsika osamukumbukira. Akuti ndi mnyamata wosabisa mawu, ngakhale a mfumu. Nyumba ya munthu wotere simukhala zonong'onezana."

Anthu anaseka, a kwathu ndi a kwawo omwe. Darkwa anaonetsa mano ake atatu onse. Bediako anakwirira nkhope m'nsalu.

Ndikanatha kuimirira. Miyendo ndinali nayo, mawu ndinali nawo okwana kugwetsa denga. Koma munthu akaimirira pagulu n'kunena kuti mneneri wake wanama, wathyola ndodo. Afrakoma sakanalankhuliranso munthu m'mudzi muno, ndipo ine mawa lake ndikanaima bwanji pambali pa Nana, nditaonetsa anthu onse kuti chimene mneneri wanena chikhoza kubwezedwa? Ndinakhala pansi. Mkwiyo unakwera kuchokera m'mimba, unafika pakhosi, unasowa potulukira. Ndinatsokomola. Kakutsokomola kouma, kamodzi kokha.

Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi! Ine kumatukumula chifuwa, kumapita kunyumba kukauza mwana kuti lero Nana atsokomola kawiri, pamene mkulu wa anthu ankangomeza mawu ake amene ine ndawapotoza. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kandimverere wake ndinali ine, wa ndodo yagolide. Ndipo Nana sanaimirirepo ngakhale tsiku limodzi kundichititsa manyazi.

Ndikadali m'maganizo amenewo, Afrakoma anatuma amayi kukatenga Gyamfua. Anatuluka atavala diresi yosoka yekha, yobiriwira, ndi ndolo za mayi ake. Mwambo umati mwana afunsidwe katatu pamaso pa onse.

"Gyamfua, anthu awa abwera ndi mowa chifukwa cha iwe. Tilandire?"

"Landirani, azakhali."

"Ndikufunsanso. Mawa usadzati tinakugulitsa. Tilandire?"

"Landirani."

"Kachitatu. Tilandire?"

Anatembenuka n'kuyang'ana ine.

"Azakhali, kachitatuka ndiyankha ndikamva zimene bambo anena. Zenizenizo. Ine ndakulira m'nyumba ya okyeame, mawu ophika ndimawadziwa fungo lake. Ngati akana, anene kuti akana, ndidziwe chochita. Chikwama changa chili chomangamanga."

Afrakoma anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nkhope yake inalibe chipongwe. Anawerama pang'onopang'ono.

Miyambi yanga yonse inalipo, khumi ndi umodzi, yosanjikizana bwino. Khwangwala analipo, nkhono inalipo. Ndinatsegula pakamwa kuti nditenge uliwonse umene uli pafupi. Ndinayang'ana pakhonde pamene pali makina osokera, atavundikiridwa ndi nsalu, ndi mpando wa Tiwaa pambali pake. Chimene chinatuluka sichinali mwa zimene ndinakonza m'munda wa koko.

"Akapita, ndizilankhula ndi ndani?"

Nditangomva mawu anga omwe, ndinamugwira mkono mwamphamvu. "Zimenezo usanene. Afrakoma, ndakupempha. Phika. Thira mchere, thira chilichonse."

Anachotsa dzanja langa. Anaimirira, ndodo sanagogode n'komwe.

"Gyamfua, bambo ako akuti: ukapita, azilankhula ndi ndani?"

Basi. Tsiku lonse mkazi ameneyu anapotoza chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga, koma mawu okhawo amene ndinafuna kuti abisike ndi amene anawapereka ndi dothi lawo lomwe. Ine Kwarteng, amene ndalankhula pamaso pa mafumu khumi ndi awiri, ndinakhala pamenepo ngati mwana wosiyidwa pa siteji ya basi. Manyazi a tsiku la nkhono anali aang'ono.

Palibe anaseka. Gyamfua anabwera n'kugwada patsogolo panga, anagwira mawondo anga.

"Ababa, ndiye nkhani yake imeneyi? Masiku onsewa mumvekere khwangwala, khwangwala?"

Ndinafuna kuyankha, koma tate salankhula, ndipo tsiku limenelo mwambowo ndinauthokoza.

Kumbuyo kuja Bediako anali kunong'oneza kwa amalume ake, amalume kwa Darkwa. Darkwa anaimirira, anakonza nsalu.

"Mnyamata akuti za ku Techiman zinali za pokhapokha mutakana. Nyumba akumanga kuseri kwa msika, pamene pali mtengo wa zimkuzamawu. Akuti madzulo aliwonse mpando wanu udzakhalapo, ndipo milandu ya kwa Nana nayenso amaikonda. Akutinso mukaitana muli konkuno adzamva, ndipo akapanda kumva, zipangizo ali nazo."

Apa ndiye anthu anaseka, mpaka ine ndemwe mphuno inandipereka. Afrakoma anabweretsanso khutu lake lija.

"Landira," ndinatero.

"Mwati? Ndakalamba, achimwene, sindikumva bwino."

"Ndati landira, mfiti iwe."

"Bambo akuti alandira ndi manja awiri, ndipo akuthokoza mlongo wawo chifukwa cha ntchito yabwino."

Ndinatsokomola.

Afrakoma anatsegula botolo limodzi, anathira mowa m'kapu kuti tiuze makolo. Ndinayembekeza kuti athira yekha, koma anandipatsa kapuyo.

"Iyi ndi yanu. Akumanda safuna mneneri."

Ntchito imeneyi ndimaidziwa kuposa munthu aliyense ku Bepoano. Pa chikondwerero ndimatchula mafumu khumi ndi anayi amene anakhalapo pa mpando, aliyense ndi mayina ake aulemu ndi nkhondo zake, osapunthwa ngakhale pamodzi. Ndinatsitsa nsalu paphewa, ndinavula nsapato n'kuziponda. Ndinakweza kapu kuonetsa Mulungu, ndinadontheza pansi kupatsa nthaka. Ndinaitana agogo, ndinaitana amalume amene anasemetsa ndodo, mawu akuyenda bwinobwino, Afrakoma akuvomera pambali pa dzina lililonse. Kenako ndinafika pa dzina lotsatira.

"Tiwaa," ndinatero.

Ndinadikira kuti mawu ena abwere, aja okongola, a mitsinje ndi mitengo ikuluikulu. Mowa unkangodontha. Anthu anadikira nane.

"Tiwaa, mwana uja akupita."

Afrakoma anagogoda ndodo pansi kamodzi.

"Tiwaa wamva," anatero.